Kodi mumadziwa? Munthu wa miyendo ya hatchi angakwere chiyani?

M'nthano za Agiriki akale muli zolengedwa zotchedwa centaur, zomwe kuyambira kumutu mpaka m'chiuno ndi munthu, koma kuchokera pamenepo ndi hatchi ya miyendo inayi. Ankati zimakhala kumapiri a ku Thessaly, makamaka phiri la Pelion. Wotchuka pakati pawo anali Chiron, amene anaphunzitsa Achilles komanso Asclepius, mulungu wa zamankhwala.

Olemba nkhani zopeka amazunguzika ndi funso limodzi: centaur akafuna kupita kutali, akwere chiyani? Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 500, choncho palibe bulu kapena ngamila imene ingamubereke. Mpando nawo sungamuthandize, chifukwa sangapinde m'chiuno n'kukhala ngati ife. Ngolo yake iyenera kukhala yotakata, yopanda masitepe, yokhala ndi thabwa lotsetsereka lokwerera, ndipo pansi pake pothiridwa udzu kuti ziboda zisaterereke.

Agiriki okha anali ndi yankho lina. Pazithunzi zambiri zakale, ma centaur ndi amene amakoka galeta la Dionysus, mulungu wa vinyo.

Paulendo wapanyanja, chitsanzo chinalipo kale: m'chaka cha 430 BC, anthu a ku Athens anakonza zombo zawo zakale zankhondo kuti zizinyamula mahatchi.

Ndipo msilikali wa ku Spain, Bernal Díaz, analemba kuti m'chaka cha 1519, ku Centla m'dziko la Mexico, eni dziko atangoona okwera pahatchi koyamba, anayesa kuti munthu ndi nyamayo ndi cholengedwa chimodzi, ngati centaur.