Tete ndi Zumbo, Misika Yakale ya m'Mbali mwa Zambezi

CHIFUNDE — Mlimi wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzu akagulitsa fodya wake, maso amakhala pa chipata cha Cassacatiza. Njinga, malata ndi zitenje amakazifuna ku Katete kapena ku Chipata, m'dziko la Zambia. Alipo achikulire amene sanapondeko mumzinda wa Tete, ndipo dzina la Zumbo amangolimva pa wailesi. Komatu matauni awiriwa ali m'gulu la misika yakale kwambiri pa mtsinje wa Zambezi, ndipo china mwa chuma chimene chinawamanga chinachokera m'midzi ya kumpoto kwa mtsinjewu.

Pamene Apwitikizi ankakhazikika ku Tete cha m'ma 1531, anapeza Aswahili akuchita kale malonda pamalopo. Nsalu ndi mikanda zinkabwera pa mabwato kuchokera ku nyanja yamchere. Minyanga ya njovu, makasu osulidwa ndi Amaravi ndiponso golide zinkatsikira kunyanja. M'zaka za m'ma 1700 golide wina ankakumbidwa ku Mano, m'dziko la mfumu Undi, ndipo ambiri mwa okumbawo anali amayi ogwidwa ukapolo. Anthu nawonso ankagulitsidwa m'misika imeneyi, mfundo imene ena pofotokoza mbiri amakonda kuilumpha.

Tete anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Marichi 1959. Wochokera ku Chifunde amatsata msewu wa N9, kudzera ku Manje mpaka ku Matema, kenaka n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamalizidwa mu 1973. Kutsidyako kuli linga lakale la São Tiago Maior, ndipo kumtunda kwa mtsinje, makilomita ochepa kuchokera mumzinda, kuli tchalitchi cha Boroma chimene ansembe a chipani cha Yesu anamanga paphiri cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Koma fungo lenileni la Tete lili mumsika wa Kwachena: nsomba zouma za ku Chicoa, kapenta, masawu, malambe ndi nyama ya mbuzi. Mlendo asaiwale chipewa ndi madzi, poti dzuwa la Okutobala kumeneko silidziwa chibale.

Zumbo ndiye wofunika kumudekhera. Tauniyi ili pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kumathero a Mozambique chakumadzulo. Msika wake, umene Apwitikizi ankautcha feira, unayambitsidwa cha m'ma 1715 ndi Francisco Pereira, wamalonda wochokera ku Goa, ku India. Kwa zaka zambiri golide wa m'dziko la Changamire, ku Zimbabwe wa lero, ankadzera pamenepa. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Chaka chotsatira, nkhondo ndi chilala zitafoola malonda, amalonda anauthawa msikawo.

David Livingstone atafika mu Januwale 1856 anangopeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka lili gone pansi. Apwitikizi anabwereranso mu 1862, ndipo zaka zotsatira zinali za Achikunda ndi mifuti yawo. Akuluakulu awo awiri, José do Rosário Andrade wotchedwa Kanyemba ndi José de Araújo Lobo wotchedwa Matakenya, ankasaka njovu ndi anthu omwe. Mayinawa sanafe. Munthu ataima pagombe la Zumbo amawona maiko atatu nthawi imodzi: kutsidya kwa Zambezi chakumtunda kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo kutsidya kwa Luangwa kuli boma la Luangwa la ku Zambia, limene kale linkatchedwa Feira, kutanthauza msika womwewo.

Malonda sanathe ngakhale golide anatha. Chimangidwire damu la Cahora Bassa mu 1974, nsomba ndiyo ndalama ya kumeneko, ndipo mabwato amawoloka Luangwa atasenza mitolo ya nsomba zouma zopita ku Lusaka. Kufupi ndi tauniyi kulinso mabwinja a mishoni ya Miruru. Vuto n'lakuti makoma akalewa sadikira munthu. Mvula ndi mizu ya mitengo zimawagwetsa pang'onopang'ono, ndipo mwana wa sukulu wa ku Chifunde angaphunzire za Zumbo m'buku chonsecho sanawonepo ngakhale mwala umodzi wa kumeneko. Aphunzitsi ndi mipingo yokonza maulendo akanaganizirako mbali imeneyi.

Ulendo wa ku Zumbo si wamasewera. Njira ya m'dziko momwemuno imapatuka pa Bene n'kudzera ku Fingoè, ndipo ndi bwino kuiyenda m'chilimwe, mvula isanagwe. Ena amazungulira ku Zambia: kutuluka pa Cassacatiza, kukwera basi ku Katete mpaka pa mlatho wa Luangwa, kenaka kutsika ndi mtsinje kukafika ku boma la Luangwa. Woyenda njira imeneyi atenge makalata ake owolokera malire, ndi makwacha ochepa olipirira bwato.