Asanayatse kamera, adziwe kuti mayiyo akhoza kukana

Mu Ogasiti 2014 zigawenga za ISIS zinalowa m'dera la Sinjar, kumpoto kwa Iraq. Zinapha amuna a mtundu wa Yazidi, n'kutenga amayi ndi atsikana zikwizikwi kukawagulitsa ngati akapolo ogona nawo. Ambiri mwa amene anathawa anafikira m'misasa ya kufupi ndi mzinda wa Duhok. Kumeneko anapeza khamu lina likuwadikirira: atolankhani, ofufuza milandu, a mabungwe, aliyense ndi kope kapena kamera yake, aliyense akufuna kuti mayi ayambirenso nkhani yake poyambirira.

Johanna Foster ndi Sherizaan Minwalla anacheza ndi amayi 26 otere, ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 2018. Amayi 85 pa 100 alionse anafotokoza zinthu zosayenera zomwe atolankhani anawachita. Ena anakakamizidwa kulankhula. Ena anaonetsedwa nkhope ndi maina awo pomwe abale awo anali adakali m'manja mwa zigawengazo, zomwenso zimaonera TV ndi kuwerenga pa intaneti.

Mtolankhani adzati, si anavomera yekha? Koma taganizani za mayi wokhala m'tenti, wodya chakudya cholandira, mkulu wa msasa ataima pakhomo ndi mlendo wochokera kunja. Inde wa munthu wotero ndi wa mantha, mwinanso wa chiyembekezo chakuti akalankhula mng'ono wake apulumutsidwa.

Nadia Murad, mayi wa mtundu wa Yazidi wa m'mudzi wa Kocho m'dera la Sinjar, anadutsa m'zonsezi. Mu 2018 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel pamodzi ndi Dokotala Denis Mukwege wa ku chipatala cha Panzi ku Bukavu. Mu Epulo 2022 kunakhazikitsidwa ndondomeko yotchedwa Murad Code potengera dzina lake, yomwe imatsogolera aliyense wofunsa anthu ogwiriridwa pa nthawi ya nkhondo. Wofunsidwa auzidwe m'chilankhulo chake kuti nkhaniyo ipita kuti ndipo aimva ndani. Afunsidwe pamalo obisika, anene ngati akufuna wofunsa ndi womasulira wamkazi kapena wamwamuna, ndipo akafuna kulekeza pakati, alekeze. Thandizo lake lisadalire kuti walankhula kapena ayi.

Chovuta kwambiri kwa ife olemba nkhani n'chakuti ndondomekoyi imafuna tidzifunse kaye ngati kuchezako n'kofunikadi, makamaka ngati ena anamufunsa kale munthuyo. Murad Code si lamulo, ndipo palibe amene amamangidwa akaiphwanya. Mkonzi amene akufuna nkhope yolira patsamba loyamba akhoza kuipezabe mawa lomwe.