Dokotala Wopanda Jakisoni

Kwathu ndi ku Chonde, m'boma la Mulanje. Anthu ambiri amawadziwa malowa chifukwa cha mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika m'mwezi wa Okutobala, pamene galimoto zimadzaza msewu ndipo ng'oma za tchopa zimamveka usana ndi usiku. Alendo akabwerera kwawo, Chonde imatsala ndi msika wake, akabaza ake, ndi ife eni dera pamodzi ndi mavuto athu. Limodzi mwa mavutowo ndilo lidandichititsa kufufuza za ntchito imene ndikufuna kufotokoza m'nkhani ino, ntchito yophunzitsa ndi kuthandiza odwala m'maphunziro otchedwa clinical psychology.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza maboma a kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Mayi anga aang'ono, amene adakwatiwa kufupi ndi phiri, nyumba yawo idagwa usiku. Iwo adapulumuka, koma adaona mwana wa oyandikana nawo akutengedwa ndi madzi. Adabwera kudzakhala kwathu ndipo tonse tidati zatha, Mulungu wawasunga. Koma dzinja lotsatira, mvula ikangoyamba kugunda pa malata, iwo ankadzuka, kumanga zovala m'chitenje ndi kuima pakhomo mpaka m'bandakucha. Ku chipatala china chaching'ono adakanena kuti mutu ukuwawa ndipo mtima ukuthamanga. Adawayeza malungo, adawayeza BP, adawapatsa panado. Sindikumuda amene adawalembera mankhwalawo, pakuti panja padali mzere wa amayi ndi ana umene ukadamufikitsa madzulo. Kutchalitchi adawapempherera. Agogo ena adati pali dzanja la munthu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adati ndi misala, chifukwa masana mayiwo ankaphika, kulima ndi kuseka ngati wina aliyense.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto lathu. M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku timagawa anthu pawiri, abwinobwino ndi amisala. Wamisala ndi uja wovala nsanza pamsika, amene abale akatopa naye amati “apite ku Zomba”. Pakati pa magulu awiriwa pali chigwa chachikulu mmene muli anthu osagona tulo, ophunzira amene amanjenjemera mayeso akayandikira mpaka kulephera kugwira cholembera, amayi amene atabereka samva chikondi pa khanda lawo, abambo amene ngongole ya katapila yawafikitsa poganiza zodzipha. Anthu a m'chigwa chimenechi ndiwo ambiri mwa odwala a katswiri wa clinical psychology.

Ndi bwino kusiyanitsa ntchitoyi ndi zinzake zofanana nayo. Psychiatrist ndi dokotala amene adayamba waphunzira za thupi lonse ngati madokotala ena, kenako n'kuzama pa matenda a muubongo. Iyeyu amalemba mankhwala. Anamwino ndi ma clinical officer a matenda a muubongo ndiwo asenza gawo lalikulu la ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Aphungu, monga aja timawapeza pokayezetsa magazi, amaphunzira luso lomvetsera ndi kulangiza pa nkhani inayake. Katswiri wa clinical psychology si dokotala wa mankhwala. Amayamba ndi digiri ya psychology, kenako digiri yachiwiri imene imaphatikiza kalasi, kafukufuku ndi miyezi yambiri yothandiza odwala moyang'aniridwa ndi wamkulu pantchito. Zida zake ndi mafunso, mayeso oyezera kaganizidwe ndi kukumbukira, ndi kucheza kolongosoka. Alibe jakisoni. Monga wophunzira za ziyankhulo, chimene chidandikoka n'chakuti pafupifupi ntchito yake yonse amaigwira ndi mawu.

Ntchitoyi siyakale kwambiri. M'chaka cha 1896 Lightner Witmer adatsegula kiliniki yoyamba ya psychology pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, ndipo mmodzi mwa oyamba kuthandizidwa adali mnyamata wasukulu amene ankavutika kulemba mawu molondola. Witmer adali mphunzitsi wa pa yunivesite amene ankaonanso odwala, kotero kuphatikiza ntchito ziwirizi kudabadwa pamodzi ndi ntchito yeniyeniyo. Mu 1949 akatswiri adakumana mumzinda wa Boulder nagwirizana kuti wophunzira ntchitoyi aziphunzitsidwa kukhala wofufuza komanso wothandiza odwala nthawi imodzi.

Kuno kwathu chisamaliro cha odwala muubongo chidayambira kundende. Mu 1910 boma la atsamunda lidapatula mbali ina ya ndende ya Zomba kuti muzisungidwa anthu otere, ndipo chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Lamulo la 1948 loona za odwalawa lidagwira ntchito zaka zoposa 70. Nzosadabwitsa kuti mpaka lero dzina la chipatalachi limatchulidwa moopseza kapena monyoza. Mu 1993 abale a chipani cha Saint John of God adayamba ntchito yawo ku Mzuzu, kumene pambuyo pake adatsegulanso sukulu yophunzitsa ogwira ntchito za matenda a muubongo ndi za uphungu. Ku Chancellor College, imene kuyambira 2021 ndiyo yatsala ndi dzina loti University of Malawi, kuli nthambi ya psychology. M'zaka za m'ma 1990 kudaphunzitsako Malcolm MacLachlan ndi Stuart Carr, amene adalemba za momwe Mmalawi amathera kukhulupirira mankhwala a kuchipatala ndi a kwa sing'anga nthawi imodzi popanda kuona kuti ziwirizi zikutsutsana. Agogo anga aja akadawerenga zimenezi akadangoti, “Nanga chachilendo n'chiyani pamenepa?”

Munthu amene moyo wake ukuonetsa bwino ntchito ziwirizi ndi Pulofesa Chiwoza Bandawe, mmodzi mwa Amalawi oyamba kukhala akatswiri a clinical psychology. Iwo adaphunzira ku yunivesite ya Cape Town ku South Africa, njira imene ofuna ntchitoyi adakhala akudutsa kwa zaka zambiri pakuti maphunziro ozama ngati amenewa ankapezeka kunja. Kafukufuku wawo wa digiri ya udokotala adali wokhudza kuphunzitsa ana asukulu akumidzi za likodzo. Poyamba ndidadabwa kuti likodzo likukhudzana bwanji ndi maganizo, koma yankho lake n'losavuta: mwana akhoza kudziwa kuti kusambira m'madzi ena kumadwalitsa, koma n'kumasambirabe chifukwa anzake onse ali momwemo. Kudziwa ndi kuchita ndi zinthu ziwiri, ndipo mpata umene uli pakati pake ndiwo munda wa psychology. A Bandawe adaphunzitsa zaka zambiri ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Adalembanso nkhani zambiri m'nyuzipepala pansi pa mutu woti Life Tools, ndiponso buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology limene lidatuluka mu 2010. Mfundo ya umunthu ndi ija makolo adaiika m'mwambi woti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Psychology ya kwa azungu imakonda kuyang'ana munthu payekha, pamene ku Chonde wodwala safika yekha: amafika ndi mwinimbumba, ndi apongozi, ndi mpingo wake wonse kumbuyo kwake.

Nanga n'chifukwa chiyani katswiri mmodzi asenze ntchito ziwiri? Chifukwa choyamba ndi masamu chabe. Kucheza kumodzi ndi wodwala kumatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo wodwala mmodzi amafunika kubwera kangapo. Ngakhale katswiriyo atapanda kudya nkhomaliro, sangaone anthu oposa asanu ndi atatu patsiku. Koma akaima m'kalasi pamaso pa ophunzira udokotala ndi unamwino, n'kuwaphunzitsa kuti munthu akadandaula za mutu ndi mtima azimufunsanso kuti, “Kodi mukugona bwanji? Chachitika n'chiyani kunyumba?”, ndiye kuti wafika ku zipatala zimene phazi lake silidzapondako. Chifukwa chachiwiri n'chakuti mabuku ambiri a maphunzirowa adalembedwa ku America ndi ku Ulaya. Mphunzitsi amene saona odwala amangobwereza zitsanzo za ku London kwa ophunzira amene akagwire ntchito ku Muloza. Amene dzulo lake adakhala ndi mayi wamasiye wolandidwa katundu amadziwa pamene buku likunena zoona ndi pamene likulephera. Kusenza ziwirizi kuli ndi mtengo wake. Munthu amene tsiku lonse wamva za kugwiriridwa ndi za maliro ayenera madzulo kukachonga mayeso, ndipo sangafotokozere ngakhale mkazi kapena mwamuna wake zimene wamva, pakuti chinsinsi cha wodwala ndi lamulo la ntchito. N'chifukwa chake akatswiriwa amalimbikitsidwa kukhala ndi mnzawo wa ntchito womutulira nkhawa.

Wina angafunse kuti kucheza kungachiritse bwanji. Nditenge chitsanzo cha mayi anga aang'ono. Munthu akadutsa m'zoopsa, ubongo umamanga pamodzi phokoso la usikuwo ndi imfa, kotero phokoso lija likamvekanso thupi limachita ngati tsokalo labweranso: mtima umathamanga, thukuta limatuluka, miyendo imafuna kuthawa. Munthuyo akaima pakhomo usiku wonse ndipo kunja n'kucha nyumba isadagwe, ubongo umati wapulumuka chifukwa chodikira, ndiye mawa lake adikiranso. Katswiri amayamba wamufotokozera wodwala zimenezi, kuti adziwe kuti sadapenge ndipo sadalodzedwe. Kenako amamuthandiza kufotokoza za usiku uja pang'onopang'ono mpaka nkhaniyo ikhale yakale, ndi kuyesa kukhala pamphasa mphindi zochepa mvula ikugwa, mawa kuonjezera, mpaka thupi liphunzire kuti si mvula iliyonse imene ili Freddy. Njira zoterezi zili m'banja la chithandizo chimene Aaron Beck ndi anzake adachikuza kuyambira m'ma 1960, chimene chimayang'ana mgwirizano wa zoganiza, zomva m'thupi ndi zochita. Kusiyana kwake ndi malangizo a ankhoswe n'kwakuti katswiri salamula kuti “limbani mtima”. Amafunsa kwambiri kuposa kulangiza.

Tsono ngati chida ndi mawu, mawuwo ndi a chiyankhulo chiti? Apa ndi pamene maphunziro anga akukumana ndi awo. Katswiri amaphunzira m'Chingerezi, pamene wodwala amamva ululu m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chiyao. Matenda amene Angerezi amati depression adalibe dzina lokhazikika m'Chichewa. Cha m'ma 2014, bungwe la Farm Radio International ndi anzake, pokonza pologalamu ya achinyamata ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, adafalitsa mawu oti “matenda okhumudwa”. Adayesetsa, koma ine ndikuona kuti mawuwa ndi opepuka. Timakhumudwa timu yathu ikagonja, timakhumudwa mlendo akapanda kubwera. Mukafunsa munthu kuti, “Kodi mumakhumudwa?”, aliyense avomera. Anthu akwathu akafuna kunena za chinthu cholemera chija amati “akudwala maganizo”, “maganizo amuchulukira”, “wataya mtima”, ndipo pa maliro ena timamva kuti “adapita ndi maganizo”. Chichewa chimaika zambiri mumtima: mtima umasweka, umakhala m'mwamba, umakhazikika pansi. Mayi anga aang'ono ponena kuti mtima ukuthamanga adanena zonse zimene akadatha kunena, koma khutu lophunzitsidwa m'Chingerezi lidamva za nyama ya m'chifuwa yokha.

Ofufuza ena adaliona vutoli. Robert Stewart ndi anzake adamasulira m'Chichewa mafunso 20 a bungwe la WHO oyezera kuvutika m'maganizo, nawayesa pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, boma loyandikana nafe, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2009. Ntchito yotere siyongotsegula dikishonale. Funso limamasuliridwa, wina amalibwezera m'Chingerezi osaona loyamba lija, kenako amaona ngati mayankho a anthu akugwirizana ndi zimene katswiri wapeza atacheza nawo mozama. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mumzinda wa Harare cha m'ma 2006, pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki. Iwo sadayambire pa dzina la Chingerezi koma pa mawu a Chishona oti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, amene ndi ofanana ndi “maganizo” athu aja. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi. Komabe agogo a pa benchi amafunika wowaphunzitsa ndi wowayang'anira, ndiponso wina womutumizira odwala amene awakanika. Tabwereranso kwa katswiri uja wa ntchito ziwiri.

Chodandaula changa pa ntchitoyi n'chakuti idakali ya m'tauni. Akatswiri ochepa amene alipo amapezeka ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo kwa ambiri a ku Chonde ndalama ya minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerera kangapo ndi ndalama ya feteleza. Mayi anga aang'ono sadaonanepo ndi katswiri wotere. Chimene chidawathandiza pang'ono ndi mayi wina wa kumpingo amene nayenso adataya nyumba, amene ankabwera kudzagona nawo mvula ikamagwa ndi kuwalola kufotokoza za mwana uja mobwerezabwereza, osawadula.

Patchuthi chapitachi ndidawauza bambo anga kuti ndikamaliza digiri ndikufuna kugwira ntchito ndi akatswiri amenewa, kumasulira mafunso awo ndi kusonkhanitsa mawu amene anthu akumudzi amagwiritsa ntchito pofotokoza zowawa za mumtima. Adandiyang'ana nthawi yaitali nati, “Mwanawe, takulipirira fizi zaka zonsezi kuti ukacheze ndi amisala?” Ndisadayankhe, mayi aang'ono, amene ankasenda chinangwa chapafupi, adati, “Alamu, ndiye kuti ine ndine wamisala?” Bambo sadayankhe. Usiku umenewo ndidatenga kope n'kuwapempha mayiwo kuti andiuze mawu onse amene angatchulire chimene chimawagwira mvula ikayamba. Tidalemba mawu khumi ndi anayi, ndipo atatu mwa iwo adali a Chilomwe cha amayi awo, chimene ine sindichimva.