ZA BOKOSI LA MAGIYA M'GALIMOTO ZAKALE

Abale athu a m'midzi ya Balaka ndi Machinga, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri a inu simunachionepo ndi maso, chinkana mwachimva chikulira pansi pa mapazi anu. M'midzi yambiri ya kuno muli galimoto imodzi yokha yokoka ndi matayala onse anayi, kapena Land Rover yakale, kapena Toyota Hilux, kapena Land Cruiser imene mwana wa pamudzi anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndiyo imatuta thonje la ku Utale ndi ku Phalula, mpunga wa kumadambo a Chilwa ndi nsomba za ku Chiuta. Ndipo usiku wa mvula, mayi wapakati nthawi yake ikakwana, ndiyo imathamanga naye ku chipatala cha ku Liwonde kapena cha ku Balaka. Injini ikadwala aliyense amadziwa msanga. Koma bokosi la magiya, limene amakaniko amati giyabokosi, limafooka mwakachetechete kwa miyezi, kufikira tsiku limene likana pakati pa Nsanama ndi Ntaja, wodwala ali kumbuyo.

M'bokosimo muli mipiringidzo yachitsulo yonyamula magudumu a mano, aakulu ndi aang'ono, olumana wina ndi mnzake. Injini imazungulira msanga, koma payokha ilibe mphamvu yokwezera katundu pachitunda. Tsono magiya amachepetsa liwiro nawonjezera mphamvu, monga mayi wosenza mtolo wa nkhuni amafupikitsa mapazi potsetsereka m'phiri la Chikala kuti mwendo ulimbe. Kumbuyo kwa bokosi lalikulu kuli lina, limene amati transifa, logawira mphamvu ku matayala a kutsogolo. Limeneli lili ndi oyilo wakewake, ndipo ndi amene anthu amamuiwala kawirikawiri.

Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948, ndipo kufikira 1971, pamene inatuluka Series III, giya yoyamba ndi yachiwiri zinalibe mphete zamkuwa zimene zimalinganiza liwiro la magudumu asanalumane. Chifukwa chake madalaivala akale anali kuponda kilatchi kawiri posintha giya. Mnyamata amene lero akukukutitsa mano a galimoto yotere asafulumire kunena kuti bokosi lafa. Ayambe wafunsa agogo ake.

Chachikulu ndi oyilo. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, itangobwera kuulendo oyilo akali wofunda, ndipo ikani miyala ku matayala. Bokosi lili ndi mabawuti awiri, ina m'nthiti yothirira, ina pansi yotayira. Yambani kumasula ya m'nthiti. Tikubwereza mawu amenewa pakuti alipo ambiri amene anataya oyilo yense, napeza pambuyo pake kuti bawuti yothirira yagwira dzimbiri, galimoto nikhala pansi pa mtengo wa mango sabata yathunthu. Oyilo wokwanira ndi amene afika pamlomo pa bowo la m'nthitilo, kotero kuti chala chikalowa chimamkhudza. M'magalimoto ambiri bawuti ya pansi ili ndi maginito. Mukapezapo phala lotuwa losalala, musade nkhawa, ndiko kutha kwa masiku onse. Mukapeza tizidutswa tobaya chala, ndiye kuti mano kapena maberingi ayamba kusweka. Oyilo akamanyezimira ngati golide, mphete zamkuwa zija zikutha.

Oyilo wa injini asalowemo, ndipo wakuda uja wochotsedwa m'injini ndiye woipa koposa, chinkana ena amamthira poti ngwaulere. Land Rover za Series zimamwa oyilo wolemera wa EP90, pafupi lita imodzi ndi theka m'bokosi lalikulu ndi malita awiri ndi theka m'transifa. Toyota zambiri zimafuna 75W-90. Koma Land Rover 110 zimene zinayamba mu 1983, za bokosi la LT77, zinapangidwira oyilo wopyapyala wofiira, ndipo mukazithira wolemera magiya amauma m'mawa wa Juni. Onaninso malemba a pabotolo: wa GL-4 amakhala bwino ndi mkuwa, pamene ena a GL-5 amaudya pang'onopang'ono, tsatani buku la galimoto yanu. Makilomita 40,000 asapitirire musanasinthe, ndipo pa misewu yathu ya fumbi ndi matope ife tikuti kamodzi pachaka, mvula ikatha. Inu amayi amene mumasunga ndalama za pakhomo, lembani tsikulo m'kope. Abambo amakumbukira mtengo wa dizilo, koma tsiku la oyilo ayi.

Mdani wina ndi madzi. Pamwamba pa bokosi pali kabowo kopumira. Bokosi lotentha likamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira a Rivirivi kapena a kamtsinje kena kosefukira, mpweya wa m'katimo umachepa, bokosi nilikoka madzi. Amene anayenda m'madzi a Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuzama kumene tikunena. Mukawoloka madzi ofika m'mimba mwa galimoto, masulani bawuti ya m'nthiti tsiku lomwelo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mtayeni, pakuti maberingi ogona m'madzi amachita dzimbiri m'masabata ochepa. Makaniko wanzeru amalumikiza kapaipi pa kabowo kaja nakakweza kufupi ndi injini.

Tsono za kumvetsera. Galimoto itaima, injini ikulira, giya ili pakati, mukamva kung'ung'udza kumene kumaleka mukaponda kilatchi, vuto lili pa maberingi a m'bokosi. Phokoso likamayamba pamene mwaponda, ndi beringi ya kilatchi, ndipo imeneyo njotsika mtengo. Giya yoyamba ndi ya m'mbuyo zikamakana kulowa kapena kukukuta, onani mafuta a kilatchi m'kabotolo kake musanalole munthu kutsitsa bokosi. Nthawi zambiri kilatchi ndiyo siikulekana bwino, ndipo kamphira kakang'ono kamathetsa mlandu umene ukadadya matumba ambiri a chimanga. Giya yodumpha yokha potsika chitunda ingachokere ku kasipuling'i kofooka kapena ku mphira zogwira bokosi zimene zang'ambika, ndipo izi ziyambe zaonedwa. Kumanga ndodo ya giya ndi lamba la chubu, monga timaonera pa msika wa Ulongwe, kumangomaliza mano otsalawo.

Pali chizolowezi china chimene chaononga mabokosi ambiri kuposa matope. Magalimoto ambiri akalewa, monga Land Rover za Series ndi Hilux, mukawalowetsa m'matayala anayi, a kutsogolo ndi a kumbuyo amamangidwa pamodzi. Pamatope tayala limaterereka pang'ono ndipo zonse zimamasuka; pa tala wa pakati pa Liwonde ndi Balaka silingaterereke, tsono zitsulo zimapotana pokhota paliponse. Mukangofika pa tala tulutsani. Ndodo ikakana, musaimenye. Bwererani m'mbuyo mamita ochepa ndipo idzatuluka yokha. Dzanja lisagone pa ndodo ya giya poyenda, phazi lisagone pa kilatchi, ndipo galimoto yodzaza matumba isakwere chitunda pa giya yachisanu.

Tsiku lotsitsa bokosi likafika ndithu, kumbukirani kuti kulemera kwake kumaposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 transifa ikakhala pomwepo. Munthu asalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha kapena yotsamira pa njerwa. Ikani zipika zolimba, ndipo ana akhale kutali. Pangano ndi makaniko likhale lakuti atsegule inu muli pomwepo, akuonetseni chimene chatha, ndi kukubwezerani zitsulo zakale. Bokosi likakhala pansi, sinthani mbale ya kilatchi ndi beringi yake nthawi yomweyo ngati zayamba kutha, kuti musalipire kawiri ntchito imodzi. Ndipo mukagula bokosi logwirapo kale ntchito ku Blantyre kapena ku Lilongwe, tengani nambala yolembedwa pa lanu lakale, zungulizani mpiringidzo ndi dzanja m'giya iliyonse, ndi kumasula bawuti ya pansi ndalama zikali m'thumba.