Kabatani kojambulira muli patali: mutha kupanga nokha

Abale anga a kuno ku Mangalande, tatsegulani zithunzi zomwe mwatumiza kumudzi chaka chino muone ngati inuyo mukuonekamo. M'mabanja ambiri muli munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kugwira kamera, kawirikawiri amayi. Ana amakula, zithunzi n'kumachuluka, iwo osaonekamo. Agogo kumudzi mpaka kufunsa kuti kodi mwana wanga ali bwinobwino kumeneko, bwanji sitikumuona? Selfie imathandizako, koma mkono ndi waufupi. Banja la anthu 6 silikwanamo, ndipo chitenje chatsopano chija chimangoonekera m'khosi basi.

Vuto lachiwiri ndi mdima. Kuno ku Newcastle mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ife anamwino a shifiti ya maola 12 timapita ku ntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima, choncho zithunzi zathu zambiri timajambula m'nyumba kapena usiku. Mkati mwa kamera muli kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe, Azungu amati shutter. Masana a ku Mangochi kachitsekoka kamatseguka n'kutsekeka musanaphethire. Kuwala kukachepa, kamayenera kukhala kotsegula nthawi yotalikirapo, mwina theka la sekondi kapena kuposa. Pa nthawi imeneyo chala chanu chikangogwedeza kamera pokanikiza batani, chithunzi chimatuluka cha mbuu ngati mwajambula mizukwa. Anthu ambiri amati kamera yawo ndi yachabechabe, pamene vuto ndi dzanja.

Mankhwala a mavuto awiriwa ndi amodzi: kamera ikhale pamalo osagwedezeka, batani likhale kwina, m'manja mwanu. Si nzeru yatsopano ayi. Ojambula akale ankagwiritsa ntchito kampira kofinya kolumikizidwa ndi paipi yopyapyala, ndipo mpweya ndiwo unkatsegula kachitseko. N'chifukwa chake mpaka lero pa makamera ambiri pali chilembo B kapena mawu oti Bulb, kutanthauza kuti kachitseko kakhala kotsegula malinga ngati mwakanikiza. Ndipo poti tili ku Newcastle, ndinene kuti mzinda uno uli ndi mbiri yake pa zojambula. Joseph Swan, amene anaonetsa babu lamagetsi ku Lit and Phil mu 1879, ndi yemweyo amene chaka chomwecho analembetsa pepala la bromide lotsukirapo zithunzi. Kampani yake, Mawson and Swan, inali pa Mosley Street.

Tiyambe ndi foni, poti ndi imene ambirife tili nayo. Apa palibe chopanga kwenikweni. Kuyambira 2011, pa iPhone batani lokwezera mawu limajambula chithunzi kamera ikakhala yotsegula, ndipo batani lomwelo la pa waya wa mahedifoni limachitanso chimodzimodzi. Mafoni ambiri a Android amatero, ena mumayenera kukasintha kaye m'masetingi a kamera. Ndiye tsamiritsani foni pa mabuku kapena pa kapu, lowetsani mahedifoni, kanikizani. Wayayo ndi wamfupi, sangakufikitseni pa sofa, koma pa nkhani ya kugwedezeka ija wathetsa. Mafoni atsopano ambiri alibe kabowo ka mahedifoni, Apple anakachotsa mu 2016 pa iPhone 7, choncho pamafunika kaadaputala kapena mahedifoni a pulagi yofanana ndi ya chaja.

Chosangalatsa chili pa makamera akuluakulu aja osintha magalasi. Masiku ano akale ake amapezeka motchipa m'mashopu a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo Loweruka kapena Lamlungu mukakwera Metro kupita ku msika wa pa siteshoni ya Tynemouth, nthawi zina mumawapeza ali pa tebulo pamodzi ndi mawotchi akale. Makamera ambiri a Canon a mtengo wotsikirapo, monga 350D, 450D, 600D ndi 1100D, komanso ambiri a Pentax, ali ndi kabowo m'mbali kolowetsamo pulagi ya mamilimita 2.5. Imafanana ndi ya mahedifoni, kungoti ndi yocheperapo, chifukwa ya mahedifoni wamba ndi ya 3.5.

Yang'anitsitsani pulagiyo. Ili ndi timizere tiwiri takuda tomwe tagawa chitsulo m'magawo atatu: nsonga, pakati, ndi tsinde. Gawo lililonse lili ndi kawaya kake mkati mwa chingwe. Kamera imaika timagetsi tochepa kwambiri pa nsonga ndi pakati, n'kumadikira. Mukagunditsa waya wa pakati ndi wa tsinde, kamera imaganiza kuti mwakanikiza batani lake pang'ono, ndipo imayamba kufunafuna nkhope kuti ioneke bwino. Mukagunditsa wa nsonga ndi wa tsinde, imajambula. Nkhani yonse ndi imeneyi. Kachipangizo ka kampani komwe mumagula m'sitolo mkati mwake mulibe batire, muli timalata togundana basi. Kwa amene munakula mukulumikiza mabatire a wailesi ndi waya kuti mumvere mpira wa Flames, iyi si ntchito yoti n'kukuopsani.

Zofunika ndi pulagi ya 2.5 ya magawo atatu yokhala ndi chingwe chake, mabatani awiri a mtundu woti mukasiya kukanikiza amabwerera okha, tepi yamagetsi, chitsulo chowotcherera ndi mtovu wake, ndi kabokosi koikamo mabatani. Kale tikanangoti thamangani ku Maplin, koma masitolo ake anatsekedwa mu 2018, ndiye tizipangizo totere tsopano n'koitanitsa pa intaneti. Kabokosi kangakhale ka maswiti kapena ka filimu kakale. Anzanga a m'zipatala, chonde tisatenge timabotolo ta ku wodi, tingadzayankhe mafunso osafunika.

Sendani chingwe muone mawaya atatu. Musakhulupirire mitundu yake, poti kampani iliyonse imapaka mwake. Ngati muli ndi multimeter, yezani kuti waya uti akupita ku gawo liti. Ngati mulibe, lowetsani pulagi mu kamera, iyatseni, muzigunditsa mawaya awiriawiri n'kuona zomwe ikuchita. Timagetsi take sitingakugwireni. Mukawadziwa, waya wa tsinde agawidwe pawiri kuti afike mwendo umodzi wa batani lililonse. Wa pakati apite mwendo wotsala wa batani loyamba, wa nsonga apite wa batani lachiwiri. Wotcherani, kulungani tepi, ndipo mangani mfundo pa chingwe mkati mwa kabokosi kuti mwana akakoka asadule zomwe mwawotcherera. Pojambula yambani batani loyamba, kamera ikalira kuti yapeza nkhope, kanikizani lachiwiri musanasiye loyambalo.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi pa mawaya a mahedifoni akale. Ndi opyapyala ngati tsitsi ndipo ndi opakidwa vanishi, choncho mtovu sugwira mpaka mutaotcha kapena kupala vanishiyo. Ine ndimati gulani chingwe chochindikalako, musadzivutitse. Mamita 3 kapena 5 amagwira bwinobwino, okwanira kuchoka pa shelufu kufika pa sofa, batani mutalibisa kuseri kwa mwana. Musalumikizeko batire kapena magetsi ena aliwonse, mungaotche kamera. Ndipo si kamera iliyonse: Nikon ndi Canon zodula zija zili ndi mapulagi akeake, pamene Panasonic kabowo kake n'kofanana koma mkati mumafunika ma resistor. Onani buku la kamera yanu kaye.

Wina anena kuti nanga si pali timer ya masekondi 10? Ilipo, ndipo pa akuluakulu okhaokha imagwira. Koma mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuwerenga mpaka 10. Kamera ikamajambula, iye watembenuka, bambo akupuma wefuwefu chifukwa chothamanga. Ndi batani m'manja mumadikira mpaka onse ayang'ane, n'kujambula kasanu kotsatizana.

Mukawonjezera swichi yoti imakhala yoyaka mpaka mutaizimitsa, pakati pa waya wa nsonga ndi wa tsinde, mwatsegula Bulb ija. Ikani kamera pa khoma la ku Quayside madzulo, kachitseko kakhale kotsegula masekondi angapo, muone mmene Tyne Bridge ndi Millennium Bridge zimatulukira, madzi ali salalala. Usiku wa pa 10 Meyi 2024, pomwe kuwala kwa kumpoto kuja kotchedwa aurora kunaoneka pafupifupi dziko lonse lino, anthu anakhamukira ku Whitley Bay, ndipo zithunzi zooneka bwino zinali za amene kamera zawo sizinkagwedezeka.

Tsono ndilankhule ngati namwino. Ambiri mudzasankha kugula timaremoti ta Bluetooth ta mapaundi ochepa, tomwe timangouza foni kuti batani la mawu lakanikizidwa. Timagwira ntchito, sindikukana. Koma tambiri timayendera kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032, ndipo kachivundikiro kake kamatseguka mosavuta. Mwana akameza kabatire kameneka n'kukakamira pakhosi, kamayamba kuotcha mnofu, ndipo pa maola awiri okha kangathe kuwononga kwambiri, ngakhale kupha. Poyamba mwana atha kuoneka bwinobwino, kapena kungochucha dovu ndi kukana chakudya. Ngakhale kabatire komwe mukuti kanatha mphamvu n'koopsabe. Mukangokayikira kuti wameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone mawa. Thamangani naye ku A&E kapena imbani 999, ndipo nenani msanga pakhomo pomwe kuti ndi batire. Ngati remoti yotere ili kale m'nyumba, kulungani tepi pa kachivundikiro ndipo muziisunga pamwamba. Mukamatumiza ina kumudzi, komwe chipatala chili kutali, auzeninso zimenezi.