WAILESI IKAMALIRA NGATI NJUCHI

Lero ndifuna kukamba za phokoso lija limamveka m'sipika ngati njuchi zili m'mng'oma, ngakhale nyimbo italeka. Ambiri amati wailesi yafa, koma kawirikawiri chifukwa chake chili m'mawaya a m'nyumba.

Magetsi a kuno ku Malawi ndi a mphamvu ya mavoti 230, ndipo amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kumeneku kukalowa m'njira ya mawu, ndiko kulira muli kumvako.

Tsono musathamangire kwa mmisiri. Ngati wailesi yanu ilola mabatire, zulani pulagi muiyese ndi mabatire. Phokoso likatha, mwadziwa kuti lidzera ku magetsi. Bwezerani pulagi, mutsitse mawu mpaka pansi. Likakhalabe chimodzimodzi, nthendayo ili m'kati, makamaka makapasita okalamba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Koma likatsika pamodzi ndi mawu, ndiye kuti lilowera pa nthambo zochokera ku makina ena. Zulani nthambozo imodzi imodzi, monga tichita pofuna pamene ngalande ikutayira madzi. Nthambo ya mawu isagone pamodzi ndi ya magetsi. Ngati zikumana, zipingasane. Zimitsaninso nyali zazitali zija ndi matchaja a foni, pakuti zina mwa izo zimabweretsa phokoso lokanda m'khutu.

Chovuta china ndi ichi. Ampulifaya ili pa soketi iyi, wailesi ya kanema pa soketi ya khoma lina, ndipo ziwirizo zalumikizidwa ndi nthambo ya mawu. Magetsi pang'ono amayenda m'nthambo imeneyo kuchoka ku chimodzi kunka ku chinzake. Mankhwala ake ndi apafupi: zonse zimwe pa soketi imodzi.

Apa mumvetse bwino, abale anga. Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Dzino lalitali lapamwamba ndilo la waya wonka pansi, wobiriwira ndi chikasu, kapena wobiriwira yekha m'nyumba zakale. Alipo ena ochenjera amene amadula waya ameneyu, ndipo zoonadi phokoso nthawi zina limaleka. Koma tsiku limene waya wamoto adzakhudza chitsulo cha ampulifaya, magetsi adzasowa njira, nadzadzera m'thupi la munthu woyamba kugwira, kapena mwana wanu ali chosavala nsapato pa simenti yonyowa. Ine ndikuti ndi bwino kupirira njuchizo chaka chathunthu koposa kudula waya ameneyu.

Mukagwira chitsulo cha makina ndi kumva kuluma pang'ono m'zala, zimitsani pomwepo. Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo, adzayese masoketi onse ndi chitsulo chokhomedwa m'nthaka kunja kwa nyumba. Chitsulo chimenechi chimachita dzimbiri polumikizira waya, ndipo m'chilimwe, nthaka itauma gwa, sichigwira bwino ntchito monga m'dzinja. Mwezi wa Okutobala ndiyo nthawi yabwino yochiyesa.

Tsalani bwino.