Alendo amangodutsa pa Nkhamenya: kodi Masomphenya a 2063 adzawaimitsa?

Msika wa fodya ukatsegulidwa, pa Nkhamenya, m'boma la Kasungu, pamakhala piringupiringu. Malole odzaza mabelo amalowera kummwera, ku okushoni ya Chinkhoma, akabaza amalimbirana makasitomala, pomwe m'midzi yozungulira majeke amakhala ali kalikiliki kudinda fodya amene wangotsitsidwa kumene m'zigafa. Pakati pa malolewo nthawi zina pamadutsa galimoto yamtundu wina, yamatayala akuluakulu, tenti ili yopindidwa padenga. Mkatimo mumakhala alendo ochokera kunja, paulendo wopita ku Nyika kapena kunyanja. Galimotoyo imachepetsa liwiro pamsika, alendo n'kusuzumira pawindo, kenako imapitirira kulowera ku Jenda. Mayi wogulitsa mtedza m'mphepete mwa msewu amangoitsatira ndi maso.

Ndalama zili m'galimoto imeneyo ndi zomwe boma lakhala likuzifuna kwa zaka zambiri. Ndi ndalama zakunja, zofanana ndi zimene fodya amabweretsa, zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti fodya amachita kutumizidwa kunja, pomwe mlendo amabwera yekha ndi chikwama chake kudzagula chakudya, malo ogona ndi zoti aone.

N'chifukwa chake ntchito zokopa alendo zili ndi malo m'ndondomeko ya chitukuko cha dziko lino. Mu Januwale 2021 bungwe la National Planning Commission linatulutsa Masomphenya a Malawi 2063, omwe analowa m'malo mwa Masomphenya a 2020. Cholinga chake n'chakuti pofika chaka cha 2063, pamene dziko lidzakhale likuyandikira zaka 100 lili pa ufulu wodzilamulira, Malawi adzakhale dziko lodzidalira komanso lolemera mokomera aliyense. Masomphenyawa aima pa nsanamira zitatu: ulimi wamakono wochitidwa ngati bizinesi, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Zokopa alendo zinaikidwa pansi pa nsanamira yachitatuyi, ndipo Kasungu ndi amodzi mwa malo asanu ndi atatu amene anasankhidwa kuti akule n'kukhala mizinda yothandizana ndi Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Boma la Lazarus Chakwera linafupikitsa ganizoli m'zilembo zitatu za Chingerezi, ATM, kutanthauza ulimi, zokopa alendo ndi migodi.

Kwa mlimi wa m'dera la Mfumu Kaluluma, nkhaniyi ikukhudza mphika wake. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko limapeza pogulitsa katundu, ndipo zigwa za Kasungu zili pamtima pa ulimiwo kuyambira nthawi ya maesiteti akuluakulu a m'zaka za m'ma 1970. Koma m'mayiko ambiri ogula fodya anthu akulimbikitsidwa kusiya kusuta, ndipo mu 2023 Malawi nayenso analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya. Mwana amene akuthirira nazale ya bambo ake lero adzakhala ndi zidzukulu mu 2063. Ndondomeko ya zaka 40 iyenera kuyankha kuti banja limenelo lidzadya chiyani fodya akadzachepa mphamvu.

Chuma chokopa alendo ku Kasungu chilipo, ndipo chachikulu ndi nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Kasungu, kumalire ndi Zambia. Ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, kuposedwa ndi Nyika yokha, ndipo malo ake amapitirira masikweya kilomita 2,300. Inakhazikitsidwa ngati paki mu 1970. Mkati mwake muli damu la Lifupa momwe mvuu zimafwenthera madzulo, muli zojambula zakale pamiyala, komanso ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo chopangira makasu ndi nkhwangwa.

Mbiri ya pakiyi ndi phunziro pa zimene zimachitika chuma chikasiyidwa chopanda mwini. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000. Opha nyama mozembera malamulo anazisakaza kufikira kuti mu 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. Mitengo nayo inkathera ku makala, ku milimo ya zigafa ndi ku nkhuni zowotchera fodya wa m'mabani. Alendo anasiya kubwera, chifukwa palibe amene angalipire ulendo wa ndege kudzaona tchire lopanda nyama.

Zinthu zinayamba kutembenuka m'chaka chomwecho cha 2015. Malawi ndi Zambia anasainirana pangano loyang'anira limodzi nkhalango za m'malire, lomwe limalumikiza Kasungu ndi Lukusuzi ya ku Zambia, ndipo bungwe la IFAW linayamba kuthandiza nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire pophunzitsa asilikali olondera. Mu Julaye 2022, nthambiyi pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Zinkabayidwa jakisoni wogonetsa kuchokera mu helikopita, kukwezedwa ndi makina n'kuyenda mtunda wonsewo pamalole. Nazo njati, nswala, njiri ndi mphalapala zinabwera, nyama zina zoposa 400.

Koma njovu sidziwa malire a paki. Chiyambire kusamutsako, mabanja a m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi, kuno ndi ku Zambia komwe, alira maliro a abale ophedwa ndi njovu. Ena adzuka m'mawa n'kupeza munda wa chimanga utaphwasulidwa, nkhokwe itagwetsedwa, thukuta la chaka chonse litatha usiku umodzi. Abambo amachezera m'zisimba kuimba zitini ndi kukoleza moto kuti nyamazo zisayandikire. Mpanda wamagetsi wakhala ukumangidwa mbali ya kummawa kwa pakiyi, ndipo kumene wafika anthu apumako. Apa ndi pamene ndondomeko ya dziko imayesedwera. Ngati phindu la njovu likuthera ku likulu pomwe chipsinjo chake chikusenzedwa ndi wa m'mudzi, munthu ameneyo sangaione njovu ngati chuma.

Mayiko ena anaiona msanga mfundoyi. Ku Rwanda mlendo amalipira madola 1,500 kuti akaone anyani akuluakulu a m'mapiri, ndipo kuyambira 2017 boma limapereka 10 peresenti ya ndalama za m'mapaki ku midzi yozungulira, zomangira masukulu, zipatala ndi zina. Kuno kwathu chitsanzo chili ku Majete, m'boma la Chikwawa. Pamene African Parks inkayamba kuyendetsa malowa mu 2003, nyama zikuluzikulu zinali zitatheratu. Anamanga mpanda kuzungulira nkhalango yonse, analemba ntchito anthu a komweko, anabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, ndipo alendo anabwerera. Ku Kasungu nako kuli bungwe la anthu okhala mozungulira paki, KAWICCODA, lomwe ndi njira yoti gawo la ndalama zolowera pachipata lizifika m'midzi. Kungoti gawolo limakula pokhapokha alendo akachuluka.

Ndipo mlendo sangokhalira nyama zokha. Wobwera ku Kasungu angathe kukaona Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirirapo ali mwana. Angathe kufika kwa Wimbe, kumene William Kamkwamba anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, nkhani imene inasanduka filimu yotchuka mu 2019. Dera la Nkhamenya lili pamene Chichewa ndi Chitumbuka zimakumanirana, pakati pa kwawo kwa Gule Wamkulu ndi kwawo kwa Vimbuza, magule awiri amene UNESCO inawazindikira kuti ndi chuma cha anthu onse padziko. Ngakhale ulimi wa fodya womwewo, kuchokera pa kusoka masamba mpaka kumanga belo, ndi mbiri imene alendo ambiri sanaionepo ndi maso.

Chovuta n'chakuti zonsezi zili motalikirana, ndipo palibe chozimanga pamodzi kuti zikhale ulendo umodzi wa masiku atatu kapena anayi. Msewu wa M1, womwe ntchito yoikonzanso inayamba mu 2022 ndi thandizo la European Investment Bank ndi European Union, ukudutsa pa Nkhamenya penipeni. Msewu wabwino umabweretsa alendo, komanso umawathamangitsa kuti afike msanga kumene akupita. Chimene chimaimitsa mlendo ndi malo odyera aukhondo, chimbudzi cha madzi, magetsi odalirika, chikwangwani cholozera malo ofunika, ndi mnyamata kapena mtsikana wophunzitsidwa kulongosola mbiri ya dera lake. Chimene chimasiya ndalama m'mudzi ndi mgwirizano woti malo ogona alendo azigula tomato, mazira, uchi ndi nkhuku kwa makalabu a alimi a pafupi, m'malo mokatenga zonse ku masitolo a ku Lilongwe.

Zimenezi si ntchito ya unduna wa zokopa alendo wokha. Zikufuna khonsolo ya Kasungu, mafumu, aphungu, masukulu ophunzitsa ntchito zamanja ndi mabanki obwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono. Gawo loyamba lokwaniritsira Masomphenya a 2063 likutha mu 2030, ndipo nthawi yatsala pang'ono. Anthu a ku Nkhamenya ndi madera ozungulira ali ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wawo, pamsonkhano uliwonse wa chitukuko cha m'dera, kuti mpanda wa njovu wafika pati, ndalama za pachipata cha paki zagwira ntchito yanji, ndipo m'bajeti ya khonsolo mwaikidwa chiyani choti mlendo wodutsa pa M1 aime pamsika wawo.